Mayi anga akufuna kusiya kemo chifukwa cha kusanza, ondansetron akungogwira tsiku loyamba

Nangozo85:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munadwazikapo munthu wa khansa, kapena amene mumagwira ntchito kuchipatala.

Mayi anga ali ndi zaka 58 ndipo anawapeza ndi khansa ya bere lakumanzere. Opaleshoni inachitika, pano akulandira kemo, mankhwala a khansa a m'dripi aja, pakatha masabata atatu alionse. Ndinakawatenga kumudzi ku Ntcheu, akukhala kwanga kuno ku tauni, gadiyani ndi ine ndemwe. M'buku lawo la kuchipatala analembamo mankhwala awiri, doxorubicin ndi cyclophosphamide. Woyambayo ndi wofiira ngati Cherry Plum, ndipo akalandira, mkodzo nawo umatuluka wofiira. Zimenezo anatichenjeza kale, sitinadabwe nazo.

Tsiku la dripi zinthu zimayenda bwino. Asanayambe kemo amawabaya mankhwala ena pa kanula, ndipo potuluka amatipatsa mapiritsi a ondansetron a 8 mg kuti azimwa m'mawa ndi madzulo. Tikafika kunyumba amatha kudyako kansima pang'ono, kucheza ndi adzukulu. Mavuto amayamba mawa lake chakumadzulo, ndipo pofika tsiku lachitatu ndiye zimakhala zitavutiratu. Ngakhale madzi sakhazikika m'mimba. Aneba akangoyamba kukazinga usipa, mayi ndi awo akufunafuna beseni. Sopo wochapira, utsi wa mbaula, mafuta odzola amene akhala akudzola zaka zonsezi, chilichonse chikuwanunkhira.

Komanso mayi anga ndi munthu wosunga zinthu. Ulendo woyamba mapiritsi aja anawamanga pa nsonga ya chitenje, amvekere amwa akayamba kusanza, chifukwa kumwa mankhwala usanadwale n'kuwononga. Ndiye ankati akamwa ali kale pakati posanza, piritsi lija linkabwerera lathunthu m'beseni, ine kumaliona ndi maso angawa.

Ulendo wachiwiri ndinawalanda mapiritsi, ndinkawamwetsa ndekha pa nthawi yake. Atatha ndinakagula ena ku famase, ndipo ndinapitiriza kuwamwetsa pafupifupi sabata yathunthu. Kusanza kunachepako pang'ono, koma nseru sinachoke, ndipo kunabwera lina: masiku asanu osapita kuchimbudzi, mimba itauma gwa, mutu ukuwawa kutsogoloku.

Lachiwiri likubwerali tikuyenera kupita ulendo wachitatu. Dzulo ndimatulutsa chikwama chimene timapita nacho kuchipatala kuti ndichichape, mayi atangochiona anayamba kumeza malovu, kenako n'kusanza, chonsecho padutsa masabata awiri chilandirireni mankhwala. Usiku anandiitana n'kundiuza kuti, "Nangozo mwanawanga, ndibwezere kumudzi ndikafere kwathu. Matendawa sankandizunza chonchi." Achimwene anga ali ku Joni nawo akuti pa WhatsApp tiwasiye apume kaye mwezi umodzi. Iwo satsuka beseni, koma nawonso ndi mwana wawo, sindingawatsutse kwambiri.

Kodi ndiwonjezere mlingo, azimwa awiriawiri? Alipo mankhwala ena oposa amenewa? Nanga kuuma kwa mimbaku kukuchokera ku mapiritsiwa kapena ndi khansa ikufalikira?

BamboAChisomo:

Pepani kwambiri achemwali. Akazi anga anadutsamo, iwo inali khansa ya khomo la chiberekero ndipo ankalandira kemo yotchedwa cisplatin. Za mlingo ndisiyira odziwa, koma ndikuuzeni chimene chinatichedwetsa ife.

Akazi anga ankasanza sabata yonse, koma tikafika pamaso pa adokotala n'kufunsidwa kuti muli bwanji, ankayankha kuti ndili bwino, kaya inu. Adokotala n'kulemba zomwezija za ulendo wapita. Anthu akuluakulu a kwathu kuno sadandaula pamaso pa dokotala, amaona ngati n'kupanda ulemu kapena kusayamika. Ndiye pa mzere pali anthu ambiri, dokotala sangayambe kukumba munthu amene wanena yekha kuti ali bwino.

Ndinagula kope la 40 pages la ana asukulu. Tsiku lililonse ndinkalemba kuti asanza kangati, nthawi yanji, adya chiyani, apita kuchimbudzi kapena ayi. Ndinangoliika pa tebulo la adokotala osanena zambiri. Tsiku lomwelo anasintha mankhwala.

Za kunyumba: mbaula tinaisamutsira kuseri kwa nyumba, kutali ndi zenera la kuchipinda. Chakudya chotentha chimanunkha kwambiri, choncho tinkadikira chizizire. Phala la mpunga lopanda mafuta, mbatata yophika yozizira, buledi wouma, nthochi, mavwende. Musawaikire mbale yodzadza, akangoiona mtima umabwerera. Kambale kakang'ono, pakapita maola awiri kenanso. Madzi azimwa pang'onopang'ono ndi supuni, osati kugugudiza kapu yonse. Thanzi ORS musamasowe m'nyumba. Madzi a jinja ndi ndimu akazi anga ankawakonda, koma sindinganame kuti ndi amene analetsa kusanza.

Anamaliza mankhwala onse. Pano ali kudimba.

NamwinoChikondi:

Mayi Nangozo, ine ndine namwino, ndagwirapo ntchito ndi odwala olandira kemo. Choyamba, musawonjezere mlingo panokha. Ndifotokoza chifukwa chake, chifukwa mukamvetsa mudzadziwa chopempha Lachiwiri.

Kemo ikalowa m'thupi imapweteka timaselo ta m'kati mwa matumbo, ndipo timaseloto timatulutsa chinthu chotchedwa serotonin chambiri nthawi imodzi. Serotonin ameneyu amadzutsa mtsempha wotchedwa vagus umene umachoka m'mimba kupita ku ubongo, ubongo n'kulamula kuti munthu asanze. Ntchito ya ondansetron ndi kutsekereza malo amene serotonin amakagwira. N'chifukwa chake timabaya kemo isanayambe, pafupifupi theka la ola, kuti serotonin akamatuluka apeze malo atatsekedwa kale. Kumwa munthu atayamba kusanza kumathandiza mochepa kwambiri, ndiye munachita bwino kuwalanda mapiritsi aja.

Koma serotonin amachuluka pa maola 24 oyambirira okha. Kusanza kumene kumabwera tsiku lachiwiri mpaka lachisanu kumayendetsedwa kwambiri ndi chinthu china cha mu ubongo chotchedwa substance P, ndipo ondansetron sachikhudza. Ndiye zimene mukuonazo, zoti tsiku loyamba ali bwino koma lachitatu zavuta, sizodabwitsa konse pa mankhwala amene mayi akulandirawo. Doxorubicin ndi cyclophosphamide akaphatikizidwa ali m'gulu la kemo yosanzitsa kwambiri, gulu limodzi ndi cisplatin wa akazi a BamboAChisomo. M'gulu limeneli, popanda mankhwala oteteza, odwala oposa 9 mwa 10 alionse amasanza. Amayi amavutika kuposa abambo, makamaka amene ankasanza kwambiri ali oyembekezera kapena amene amachita chizungulire m'basi.

Kuuma kwa mimba ndi mutu uja n'zodziwika bwino pa ondansetron. Serotonin yemweyo ndi amene amathandiza matumbo kuyenda, ndiye mukamutsekereza sabata yathunthu matumbo amaima. Choipa chake n'chakuti munthu amene sakupita kuchimbudzi amachitanso nseru, gadiyani n'kuwonjezera mapiritsi, mimba n'kuumiratu. Sindingakutsimikizireni pa intaneti kuti si china, adokotala awagwire pamimba, koma mmene mwafotokozeramo ine ndingayambe kukayikira mapiritsi ndisanaganize za khansa.

Chinanso, ondansetron wochuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima. Kale ankabaya mpaka 32 mg kamodzi, koma mu 2012 mlingo umenewo unachotsedwa ku America pa chifukwa chimenechi, ndipo pano sitipyola 16 mg pobaya kamodzi. Ngozi imakula munthu akamasanza kwambiri, chifukwa mchere wa m'thupi wotchedwa potaziyamu umachepa m'magazi.

Lachiwiri mukauze adokotala mawu awa: tsiku loyamba ali bwino, akusanza kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, ndipo akufuna kusiya mankhwala. Mawu omalizawo musawabise. Alipo mankhwala ena oletsa kusanza: mufunse ngati angawapatse dexamethasone womwera kunyumba masiku otsatirawo, komanso ngati olanzapine angawayenere. Mupemphenso mankhwala ofewetsa m'mimba ngati bisacodyl, ayambe limodzi ndi ondansetron, osadikira mimba iume. Akakupatsani metoclopramide, nayenso ndi wa nseru ndipo amathandiza, koma asapyole masiku asanu, ndipo mukaona khosi likukhota, lilime likulemera kapena akulephera kukhala malo amodzi, asiye mubwerere kuchipatala.

Za chikwama zija, thupi laphunzira kuti chikwama chimenechi chimatsagana ndi kusanza. Zimachitikira ambiri, ena amasanza atangoona geti la chipatala. Pali kapiritsi kochepetsa nkhawa kotchedwa lorazepam kamene adokotala amatha kupereka usiku woti mawa ndi kemo, koma chimene chimathetsa kwenikweni ndi ulendo umodzi kapena iwiri yoyenda bwino.

Ndikufunseni: mayi amamwa mankhwala ena ati? A BP, a shuga, ma ARV, a ululu, ngakhale achikuda?

Nangozo85:

Zikomo kwambiri a namwino, ndawerenga kawiri. Za basi mwalasa. Kuchoka ku Ntcheu timakhala ndi jumbo m'manja, ndipo azakhali amati mimba yanga mayi anaisanzira mpaka mwezi wachisanu ndi chiwiri.

Shuga alibe, ma ARV samwa. Amamwa kapiritsi kamodzi ka BP m'mawa, m'buku analemba HCTZ. Komanso sabata yachiwiri chilandirireni kemo yoyamba thupi linatentha usiku, achimwene anati ndi malungo, ananditumizira ndalama ndinakagula LA. Anamwa, m'mawa mwake kutentha kunatsika. Kodi zimenezo zili ndi kanthu?

A BamboAChisomo, kope ndagula kale. Ndayamba ndi kulemba za maulendo awiri apitawa mmene ndikukumbukirira.

Mlongo_Esnart:

Achemwali musavutike ndi mankhwala achizungu okhaokha. Wiritsani masamba a nimu ndi a chammwamba azimwa kapu m'mawa ndi madzulo, zimatsuka poizoni yense wa kemo. Komanso muwatengere kumapemphero, kuli Mulungu kumwamba. Anthu ambiri achira osamaliza n'komwe madripi amenewo.

NamwinoChikondi:

Mayi Nangozo, zili ndi kanthu, ndipo chachikulu si LA ayi, ndi kutentha thupiko. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni kemo, asilikali a m'magazi amakhala atatsika kwambiri, ndipo kachilombo kamene munthu wabwinobwino sangakamve n'komwe kangathe kumugwetsa m'maola ochepa. Gulani themometa. Ikafika 38, kaya ndi 2 koloko usiku, pitani kuchipatala ndipo pakhomo pomwe munene kuti munthuyu ali pa kemo. Musamupatse Panado kaye kuti muone ngati kutsike, amangobisa. Malungo akawayeze komweko. Ulendo uja munapulumuka.

LA nayenso amakhudza kagundidwe ka mtima mofanana ndi ondansetron, ndipo HCTZ amatsitsa potaziyamu. Munthu akusanza, akumwa HCTZ, akumwa ondansetron sabata yonse, n'kuwonjezapo LA, zonsezo zikukankhira mbali imodzi. Musawasiyitse HCTZ panokha, koma mukafunse kuti masiku amene akusanza kwambiri azichita naye bwanji. Mutenge mapaketi onse a mankhwala a m'nyumba mukawaonetse.

Zina zothamangira nazo kuchipatala: tsiku lathunthu madzi osakhala m'mimba, mkodzo wochepa kwambiri, masanzi a magazi, mimba yotupa osatulutsa ngakhale mpweya, mtima kuthamanga kapena kukomoka.

Mlongo Esnart, mapemphero sinditsutsa, inenso ndine wa Mvano ndipo timapemphera ndi odwala m'wodi. Koma kemo si yoti itsukidwe, inaikidwa dala kuti igwire ntchito. Doxorubicin amadutsa m'chiwindi, ondansetron chimodzimodzi, ndiye kuthirapo madzi owawa a nimu amene palibe akudziwa mphamvu yake n'kuchisenzetsa katundu wina chiwindicho. Chammwamba ngati ndiwo palibe vuto. Ndipo mawu oti anthu achira osamaliza madripi musamawalembe pamene pali munthu amene akufuna kale kuthawa. Ine ndi amene ndimawalandira akabwerera patatha chaka.

Kondwani_Leeds:

Achemwali a Nangozo, ine ndimagwira ntchito mu famase ya chipatala kuno ku UK, ndiwonjezereko pa zimene anena a namwino.

Kuno munthu wolandira mankhwala awiri a mayiwo kawirikawiri sapita kunyumba ndi ondansetron yekha. Amapatsidwanso dexamethasone ndi aprepitant. Aprepitant ndi amene amatsekereza substance P uja: kapisozi wa 125 mg tsiku la kemo, kenako 80 mg tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2003 ndipo ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika, koma ndi wodula. Ngati achimwene a ku Joni akufuna kuthandiza, afunse mtengo wake kumeneko, koma adokotala a mayi alembe kaye, chifukwa aprepitant amawonjezera mphamvu ya dexamethasone m'thupi ndipo mlingo umayenera kusinthidwa.

Ine ndikanakhala inu ndikanalimbikira za olanzapine, chifukwa ndi wotchipa. Ku chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2024, ndipo mwa odwala ake munali olandira doxorubicin ndi cyclophosphamide yemweyu. Anapeza kuti kamlingo ka 2.5 mg kamaletsa kusanza mofanana ndi 10 mg, koma tulo take n'tochepa. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi: olanzapine amadziwika ngati mankhwala a matenda a maganizo. Wina akadzawerenga paketi n'kuuza mayi kuti awa ndi a ku Zomba Mental, adzawataya m'chimbudzi. Muwauze nokha zisanafike pamenepo, kuti pa mlingo waung'ono chonchi ntchito yake ndi ya nseru.

Pogula ondansetron musalipire dzina. Anapangidwa ndi kampani ya Glaxo kuno ku Britain m'zaka za m'ma 1980, n'kuyamba kugulitsidwa mu 1990 ndi dzina loti Zofran, ndipo nthawi imeneyo anali wodula zedi. Pano makampani ambiri, makamaka a ku India, amapanga yemweyo. Ingoonetsetsani kuti mwagula ku famase yovomerezeka, paketi yalembedwa ondansetron ndi mlingo wake, ndipo deti silinadutse. Aliponso mtundu wosungunuka palilime, sufuna madzi. Kwa munthu amene piritsi likumabwerera lathunthu, funsani umenewo.

Ngati muli ku Blantyre, ku Queens kuli a Tiyanjane, ntchito yawo ndi yomweyi ya ululu, nseru ndi kudzimbidwa. Anthu amawaopa poganiza kuti ndi a odwala otsala pang'ono kufa, koma amathandizanso amene akadali pa mankhwala.

Nangozo85:

Ndabweranso, lero ndi tsiku lachisanu chilandirireni kemo yachitatu.

Kuti mayi akwere minibasi Lachiwiri lija sinali ntchito yamasewera. Amene anawagonjetsa ndi azakhali, anabwera kuchokera ku Ntcheu Lolemba n'kuwauza kuti kumudzi kulibe amene akawalandire ngati athawa mankhwala. Chikwama chija ndinachisiya, tinanyamulira zinthu m'jumbo. Adokotala atafunsa kuti muli bwanji, mayi anayamba kale kuti ndili bwino, ine n'kutulutsa kope. Anawerenga masamba onse, anafunsa za kutentha thupi kuja mobwerezabwereza, ndipo za LA sanasangalale nazo.

Anasintha chonchi: ondansetron masiku awiri okha, dexamethasone m'mawa akatha kumwa phala kwa masiku atatu, olanzapine kamodzi usiku kwa masiku anayi, bisacodyl pogona. Anawayezanso magazi kuona potaziyamu. Olanzapine ku famase ya chipatala kunalibe tsiku limenelo, ndinakagula kunja, ndipo mtengo wake sunafike ngakhale pa ndalama zimene ndinawononga pa ondansetron wowonjezera uja. A Kondwani, ndinawauza mayi za paketi ndisanawapatse. Anangoti bola asandimange unyolo.

Asanza kamodzi kokha, Lachinayi m'mawa. Nseru ikumabwerabe, makamaka aneba akamakazinga, koma akudya. Dzulo anapempha okha futali. Kuchimbudzi akupita, papaya naye sakusowa pa tebulo.

Koma pali ziwiri zimene zikundidetsa nkhawa. Masana akumagona kwambiri, mpaka kuwodzera kapu ili m'manja, ndipo akadzuka amayenda mopepesuka. Komanso akumwa madzi kwambiri ndi kukodza pafupipafupi usiku. Ndidikire mpaka tsiku lobwerera kapena ndipite msanga?

NamwinoChikondi:

Tuloto ndi olanzapine, ndipo poti masiku ake anayi atha, tiyenera kuchepa pofika mawa kapena mkuja. Pakadali pano usiku musawalole kupita okha kuchimbudzi cha panja, aikireni chidebe m'chipinda, kugwa n'kumene ndikuopa. Ulendo wotsatira mukanene za kuwodzeraku, mwina adzawatsitsira mlingo kapena kuwauza kuti azimwa kukangoda.

Ludzu ndi kukodzako musadikire nako. Dexamethasone amakweza shuga ngakhale kwa munthu amene sanadwalepo shuga, ndipo olanzapine amathandizira. Pitani mawa ku health centre kapena ku famase iliyonse imene ili ndi kamakina, awabaye chala asanadye kanthu. Nambala imene ituluke muilembe m'kope ndipo muwaimbire a ku kemo, nambala yawo ya foni iyenera kukhala pa khadi lanu. Ngati tulo tikuwonjezereka m'malo mochepa, kapena akuyankhula zosokonekera, pitani usiku womwewo. Sobo ndi tiyi wa shuga wambiri ayambe aima kaye.

Themometa ija munagula? Kuyambira Lachiwiri muziwayeza m'mawa ndi madzulo.